Kanjinga Kamene Atsibweni Sanakwere

Fungo la mphira watsopano ndi girisi limandibwezera pa Mitundu, m'sitolo ya Che Amidu, chaka chimene ndinkalowa Sitandade 7. Unali mwezi wa fumbi, fodya wa bambo atagulidwa kale. Sukulu ya kwathu inkathera Sitandade 6. Yopitirira inali kutali, njira ya ku Nathenje. Bambo ananena kamodzi: agula njinga imodzi, ndipo ikalephera kundifikitsa kusukulu, ndigwira khasu.

Tinapita atatu: bambo, ine, ndi atsibweni a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi. Kwathu za mwana amalamula ndi atsibweni. Pachipata cha msika tinaonetsa makadi a chipani, nkudutsa.

Njinga zatsopano zinali pamzere, zakuda, zazitali, mapepala akadali pamtanda. Atsibweni anamenya keliyala ya imodzi ndi chikhatho. "Iyi. Thumba la feteleza silingaipinde. Mwana amakula, adzaifikira." Zonse ankatigulira choncho, ngakhale kabudula. Koma njinga zotere ndinkazidziwa. Ife aafupi tinkalowetsa mwendo pansi pa mtanda nkumapalasa thupi lili pambali ngati nkhanu. Ukafika padooko, mutu pansi.

Pakona panatsamira kanjinga kakale kobiriwira, utoto utakalika, mtanda wotsika, matayala onenepa okhala ndi mano. Keliyala kanalibe. Che Amidu anati kanali ka mwana wa mzungu wina, ndipo kwawoko amati njinga ya m'mapiri. Ndinakhala pachishalo. Mapazi onse awiri anaponda simenti.

"Ndikufuna aka."

Atsibweni anakalipa: "Iwe! Chidole chotha ntchito? Tsika apo."

Sindinatsike. Ndinagwira handulo mpaka zala kuwawa. Masiku amenewo ngakhale akuluakulu sankayankha, nanji mwana. Bambo ananjuta, anazunguza gudumu nkumvetsera tcheni. Anayendetsa chikhadabo m'malo onse owotcherera kufuna mng'alu, anafinya mabuleki, kenaka anaimirira.

"Alamu, mwanayu ndi wamakani. Mlekeni avutike nako, aphunzire."

Sukulu itatsegulidwa anyamata ankandiseka kuti ndaba njinga ya khanda. Dzuwa la Okutobala linkatentha chishalo, fumbi lofiira likulowa m'mano. Mvula itayamba, padambo panasanduka phala. Eni njinga zazitali ankatsika nkumakankha, matope ataundana m'madigadi. Ine ndinkasintha giya nkudutsa pakati pawo, mabuku ndili nawo kumsana m'thumba la shuga. Waya wa magiya utaduka, ndinalumikiza ndi wa mpanda wa nkhuku. Sindinajombe.

Tsiku lina m'mawa atsibweni anabwera kuti apite ndi kanjinga kanga ku Diamphwe. Atayesa kukwera, mawondo anagunda handulo. Anayesanso, akazi a pachitsime akuonerera. Anakaponya pansi nkunyamuka wapansi, ndipo sanakapemphenso.

Nthawi imeneyo ndinkayenda motukumuka kuti ndinagonjetsa amuna awiri m'sitolo. Ndakula, ndaona njinga zambiri zogulira ana zikunyamula makala a akuluakulu, eni ake akupita kusukulu wapansi mpaka kuleka. Bambo ankawadziwa alamu awo, koma sakanatha kuwakaniza pamaso. Makani anali anga ndithu. Amene anawagwiritsa ntchito ndi munthu amene ananjuta uja.