Dzina la Amake Paul

Amalume anga a Bonface Muhiwa akonza njinga pa Limbuli kwa zaka zoposa makumi anayi, pansi pa mtengo wa mango woyang'anizana ndi chigayo. Ndi munthu wamfupi, wa zikhadabo zakuda ndi girisi, ndipo amakhulupirira kuti chilichonse chimene munthu anamanga, sipanala yawo ingachimasule. Ukawapititsira njinga yothyoka masipoko amayamba akukalipira kaye ngati wazunza mwana, kenako n'kuikonza bwino kuposa mmene unaigulira.

Akazi awo anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana. Ine ndinakula osadziwa dzina lawo. Kwathu kuno mwana woyamba akangobadwa, mayina a makolo amapita kukapuma, choncho mudzi wonse unkawadziwa kuti amake Paul ndi bambo a Paul. Amalume akaweruka ankayamba kukuwa adakali kumsewu kuti, "Amake Paul, madzi osamba!" ngati m'nyumbamo munali akazi khumi ofunika kuwasiyanitsa.

Paul anamwalira zaka ziwiri zapitazo, atadwala masabata atatu okha. Chakudza sichiimba ng'oma. Maliro atatha, anthu awiriwa anasiya kuitanana. Sanayambane ayi. Amalume ankaopa kuti akatchula dzina lija atosa chilonda cha akazi awo, ndipo ifenso tonse tinayamba kulizemba. Panatsala "inu" basi, koma "inu" safika patali, sungamukuwe munthu ali kudimba. Mawu anayamba kuchepa mpaka anthu aja ankatha tsiku lonse osalankhulana. Ine zinkandipweteka kwambiri, chifukwa m'nyumba imeneyo ndi mmene ndinaphunzirira nthabwala.

Mwana wawo wamkazi, Angella, yemwe ndi namwino ku Blantyre, ananena poyera kuti waika mchimwene wake m'manda ndipo sakufuna kutayanso makolo ali moyo. Anawakonzera ulendo wa masiku awiri: akagone ku hotelo ku Limbe, m'mawa mwake akaone zinthu zakale ku myuziyamu ya ku Chichiri. Amalume anakana katatu konse, amvekere munthu wokhala ndi nyumba yake akagonerenji pabedi la eni. Anagonja atamva kuti kumeneko kuli mainjini akale. Anaika sipanala m'thumba la jekete, akazi awo n'kumanga chinangwa chophika ndi nthochi pachitenje, poti za m'tauni sizidziwika.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo pamene akusiyana ndatsatira mayi, akazi awowo, chifukwa amalume amathira mchere wambiri.

Atafika ku hotelo masana, mtsikana wolandira alendo anapatsa amalume pepala loti alembe mayina a onse awiri. Lawo analemba mofulumira. Pamzere wachiwiri cholembera chinaima. Iwo akuti dzinalo sanaliiwale, koma dzanja linachita manyazi ngati akulemba dzina la chibwenzi. Analemba kuti Rute. Mtsikana uja atawerenga mokweza kuti akulandira bambo Bonface ndi mayi Rute, mayiwo anacheukira kumbuyo kuti aone mlendo winayo.

Chitseko cha chipinda chinali chotsegula ndi kakhadi, ndipo amalume anachitsegula n'kuchitseka kasanu ndi kawiri kufuna kupeza pamene pabisala nzeru yake. Kutacha, mayi anayala bedi, kupinda mataulo, n'kuyamba kufunafuna tsache. Wantchito wa pahotelo atabwera anapeza palibe chochita, ndiye mayi anangomupatsa nthochi kuti asabwerere chimanjamanja.

Pachakudya cham'mawa anawabweretsera madzi otentha ndi tiyi wa m'kachikwama kokhala ndi ulusi. Mayi anang'amba kachikwamako, kukhuthulira pachikhatho, n'kununkhiza. Ananena kuti iwo anatha zaka makumi awiri akuthyola masamba awiri ndi kansonga, mame ali m'chiuno, ndiye lero mzinda wonse wa Blantyre ukuwalandira ndi fumbi lomangidwa pachingwe. Amalume anaseka mpaka kutsamwa. Kanali koyamba kuseka pamodzi chimwalirire Paul. Ndi pomwepo pamene amalume anaganiza kuti mwina njira yapezeka: ngati dzina lija likupweteka, lilipo lina lakale lomwe langokhala.

Ku myuziyamu mayi sanachite chidwi kwenikweni. Ataona mtondo, lichero ndi miphika zitaikidwa mwaulemu ndi timapepala tofotokoza, anafunsa ngati ayenda mtunda wonsewu kudzaona khitchini yawo yomwe. Koma atatuluka panja, pamene pali galimoto zakale, onse awiri anaima pamaso pa chibasi china chothetheka penti.

Sinali basi yomweyo, koma inali yofanana mokwanira. Anthuwa anakumana mu 1979 m'basi yochokera ku Muloza kupita ku Limbe. Mtsikana anali ndi dengu la zinanazi zokagulitsa, mnyamata akupita kukagula machubu ndi masipoko. Basi inafera pa Thuchila. Amalume, omwe sankadziwa kalikonse za injini, anakwawira pansi pake kukathandiza dalaivala, cholinga chawo chili choti aonedwe basi. Anatuluka ali bii ndi oyilo, basi ili chifere. Mtsikana uja anawasendera chinanazi. Mpaka lero mayi amalimbikira kuti chinali chisoni, osati chikondi.

Anaima pamenepo nthawi yaitali akukumbutsana ndi kutsutsana. Amalume ankati anakhala kumanzere, mayi ankati kumanja, pafupi ndi mayi wina wonyamula nkhuku. Anakumbukira msewu wa masiku amenewo, mitengo ya mkungudza yomwe inkaoneka yakuda paphiri, ndi nsapato za amalume zomwe anabwereka kwa mnzawo. Anatchula anthu ambirimbiri amene anapita kale. Mmodzi yekha ndi amene anamulumpha.

Dzuwa litakula, mayi anayamba kulowera kumthunzi. Amalume anatsala pang'ono, n'kuitana chapansipansi.

"Rute."

Mayi anaima osatembenuka. Anafunsa kuti ati chiyani.

"Ndati Rute. Si dzina lanu kodi? Ndimaona ngati lina lija limakupwetekani."

Apa mpamene anatembenuka. Amalume akuti chikwatirane sanayang'anidwepo choncho.

"Rute anatsika basi kalekale, bambo," anatero mayi. "Ine ndinabala mwana. Ndinam'bereka kumbuyo m'minda ya tiyi, dengu lili pambali. Zaka ziwiri tsopano palibe amene watchula dzina lake pamaso panga, ngati anali mbava. Anthu akumudzi aope, ndimva. Koma inunso? Mwana ananditengera ndi Mulungu, dzina lake mwandilanda ndinu."

Zaka ziwiri zonsezo amalume ankaganiza kuti akuteteza akazi awo, osadziwa kuti akuwasiya okha ndi maliro. Anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Mayi anangoima chilili osawathandiza. Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu wodwala chifuwa.

"Amake Paul."

"Ndili pano, bambo a Paul."

Anakhala pansi pomwepo, paudzu, pambali pa basi yakufa ija, anthu akudutsa n'kumawayang'ana. Analira mwana wawo pamodzi, mokweza, akumutchula dzina.