Mapiritsi Anga, Impso ya Achimwene

Achimwene anabwera kuchokera ku Joni ndi impso yochita kuwaikira madokotala, zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba. Atadandaula mutu, ine ndi kudziwa kwangako ndinati, "Ndi BP imeneyo, imwani mapiritsi angawa." Kwathu mlendo sitimumana kanthu.

Posakhalitsa miyendo yawo inatupa, mkodzo n'kumangodontha. Kuchipatala ku Dambe adokotala anakalipa: "Impso yopatsidwa mukuithira mankhwala a eni ake? Anakupatsani ndani?"

Ndinayang'ana kudenga, kabotolo ka mapiritsi aja kakusokosera m'thumba ndikangosuntha. Achimwene anati, "Ndinagula m'basi."

Anachira atawatumiza ku Blantyre. Koma mpaka lero wina akadandaula mutu, achimwene amandiloza: "Adokotala athu ndi awa." Zimandinyansa, koma ndimangoyang'ana kudenga ngati tsiku lija.