Atelala Oyeza Kawiri

Atelala oyandikana nafe sakhulupirira muyeso umodzi. Chiuno chako amachiyeza kawiri, mapini ali pakamwa. Makasitomala akamakangana ngati korona idachokera kwa mileme kapena idachita kupangidwa, iwo amangoti, "Njoka ikalowa m'nyumba, sufunsa kwawo."

Mdzukulu wawo atangobadwa, atelala adayamba kutsokomola, ndipo adakayezetsa. Namwino adati alibe kachilombo.

"Mwayeza kangati, mwanangu?"

"Kamodzi, bambo."

"Ndibweranso."

Patapita masiku awiri adabwereradi, kachilombo n'kupezeka. Kwa milungu iwiri khandalo ankangolionera pawindo, akutsinzina diso ili, kenako linalo. Atachira adatulukira ndi kadiresi, ndipo kadamukwana mwanayo ndendende.

Tonse tidadabwa, koma iwo ayi. "Nanga si ndinayeza kawiri?"