Mayi Lorraine pa Chipata cha Msasa

"Kodi tsiku la alendo lija, iwe kunabwera wako?"

Anandifunsa choncho Mayi Lorraine masana ena mu Juni, tikupinda nsalu zoyala pabedi, makina ochapira akulira kumbuyo kwathu. Ankanena za msasa wa ana wa ku Cedar Bend, kumene ana amakagonera milungu ingapo akusewera sukulu zikatsekera. Ine ndinapitako tchuthi china ndili ndi zaka khumi, bungwe la kutchalitchi litandilipirira.

"Ayi," ndinatero. "Amayi anali kuntchito. Ndinakhala pamasitepe a kukhitchini mpaka magalimoto onse atapita."

Iwo anangoti "Mmm," n'kupitiriza kupinda. Ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Ine ndine Marisela. Ndinayamba ntchito pamalo ochapira zovala amenewa nditangosiya sukulu chaka chatha. Sikuti mutu sunkagwira ayi, ndinangotopa kukhala pampando tsiku lonse aphunzitsi osadziwa n'komwe dzina langa. Ndinkafuna kuti tsiku lina anthu a mu Toledo muno azidzatembenuka ndikamadutsa. Makasitomala akachepa ndinkadzijambula pafoni ndikuimba pakati pa makina, n'kuponya pa intaneti. Oonera anali msuweni wanga ndi anthu ena amene mwina anangosochera.

"Mari, makina awa akukuposa mawu," ankandinyogodola Mayi Lorraine. "Komanso iwo saiwala kuchapa."

Mayi Lorraine ndi munthu wamfupi, wa imvi mutu wonse, magalasi awo amalendewera pachingwe pachifuwa. Ntchitoyi anaiyamba ine ndisanabadwe. Amuna awo, bambo Otis, anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Arizona, amaimba foni pa Khirisimasi. Iwo amakhala m'kachipinda pamwamba pa malo athu ochapira. Tikatseka madzulo amakwera masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma, kenako umangomva wailesi yayamba kulankhula. Sindinaonepo munthu akukwera masitepe amenewo kukawachezera.

Tchuthi cha nyengo yotentha chikamayandikira, iwo sapuma. Lamulo la kumsasa n'lakuti chovala chilichonse cha mwana, mpaka sokosi, chikhale ndi dzina lake. Mabanja opeza bwino amabweretsa masutikesi odzaza kuti Mayi Lorraine asokerere timayina. Ambiri masiku ano amangomata ndi simbi, koma zomata zimamatuka zikachapidwa kangapo, ndiye odziwa amabwerabe kwa iwo, a singano ndi ulusi. Ndalama ya ntchito imeneyo sagulira ngakhale buledi. Amakaipereka yonse ku bungwe lija, ndipo imakwanira mwana mmodzi pachaka.

Alipo ena amene amapereka pa phwando la kuhotela, mayina awo n'kuwerengedwa pa chimkuzamawu anthu akuomba m'manja. Mayi Lorraine anaitanidwako kamodzi. Anabwerako akuti nyama yake inali yaiwisi m'kati ndipo panalibe woti n'kucheza naye.

Bungwelo siliuza wopereka kuti walipirira mwana uti. Komabe zovala za ana olipiriridwawo zimafikanso kwa iwo, osati m'masutikesi koma m'matumba akuda apulasitiki, zambiri zakaunjika, ndipo amazisokerera mayina ulere. Choncho mayina onse amawadziwa, koma wawo samudziwa. "Wanga ali momwemu," amatero akusisita mulu wa matumba.

Chaka chino munali thumba lina lopepuka kwambiri, la mnyamata dzina lake Keon Bascomb. Munali timalaya titatu, kabudula, ndi masokosi osafanana. Mayi Lorraine anapita kusitolo kukamugulira masokosi atsopano.

"Ameneyu ndiye wanga," anatero.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Iwe usandivute. Ndasankha."

Pakati pa Julayi anandiitana ndikukolopa. "Lamulungu likubwerali ndi tsiku la alendo. Galimoto ya Otis ikadali ndi moyo, koma maso angawa sangaone msewu. Uyendetsa ndiwe."

Ndinavomera msangamsanga, ndipo chifukwa changa sichinali chimodzi. Ndinkawamvera chisoni, inde. Koma m'mutu mwanga ndinali nditaona kale kanema wake: mayi wokalamba akukumana ndi mwana amene anam'tumiza kumsasa ndi singano, anthu akulira poonera, pansi pake dzina langa.

Lamulungu m'mawa ndinawapeza atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, chamtundu wa pepo. Anali atakazinga nkhuku ndi kuphika keke yamtedza. Dengu analiika pamiyendo, osalola kuti likhale kumbuyo.

"Chepetsa liwiro iwe, ukuthawa ndani?" anatero tisanatuluke n'komwe mu tauni. Nditachepetsa anati, "Tsopano tikupita kumaliro? Tikafika mwana atakula."

Msasawo uli m'nkhalango ya mikungudza, kumapeto kwa msewu wafumbi. Pachipata panali mzere wa magalimoto akuluakulu onyezimira. Mnyamata wina wamtali, wa wezulo pakhosi, ankawerama pawindo lililonse n'kukweza mtengo wotsekera. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Colby.

"Takulandirani, mayi. Mwabwerera mwana uti?"

"Keon Bascomb."

Colby anayang'ana papepala lake. "Ndinu agogo ake?"

Ine ndinawagunda ndi chigongono kuti angovomera. Anandiyang'ana ndi diso loti usayerekeze.

"Ayi, mwana wanga. Ndine amene ndimapereka ku bungwe. Ndine ndinamusokera mayina."

"Pepani kwambiri, mayi. Amalowa okhawo amene makolo anawalembetsa. Keon sanamulembetsere munthu aliyense."

"Ndiye n'chifukwa chake ndabwera."

"Ndikumva, mayi. Koma sindingathe. Ndikalowetsa munthu wachilendo pakati pa ana, ntchito yandithera lero lomwe."

"Achimwene, taonani nkhope yawoyi," ndinalowerera ine. "Akuoneka ngati wakuba ana? Ngakhale kuthamanga sangathe."

"Khala chete, Mari," anatero Mayi Lorraine. Kenako ananyamula dengu. "Chabwino. Ingomupatsirani izi. Musamuuze kuti zachokera kwa ndani."

Colby anavundukula kansalu n'kununkhiza. Nkhope yake inagwa. "Muli mtedza umu? Mayi, mtedza suloledwa m'kati muno, ana ena akangoulawa amabanika. Ndipo chakudya chophika kunyumba chimalowa ndi makolo okha."

Galimoto yakumbuyo inaliza hutala. Ndinabweza galimoto yathu chafutambuyo n'kukaimika pambali pa msewu pafupi ndi mpanda wa waya.

Kuchokera pamenepo bwalo limaoneka. Mabanja anayala mabulangete pa udzu, ana akukoka makolo awo kukawaonetsa mabwato ndi zimene aumba. Kutali, kuseri kwa nyumba yodyera, ndinaona tiana tingapo titakhala motalikirana, wina akugenda mtengo ndi timiyala.

"Ukumuona?" anafunsa Mayi Lorraine, atavala magalasi n'kuwavulanso.

"Ndikuona anyamata awiri ndi mtsikana. Sindingadziwe kuti Keon ndi uti."

"Ine ndikungoona mitengo."

Foni yanga inali m'thumba. Sindinaitulutse. Iwo anavula chipewa, n'kuchiika pambali, kenako anavundukula dengu n'kundipatsa ntchafu ya nkhuku. Tinadyera m'galimoto momwemo. Nkhuku inali yokoma kwambiri, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Ndinatsika n'kubwerera kuchipata wapansi. Mzere unali utatha, Colby atakhala pachitsa.

"Ndiye ana aja akhala ndi ndani tsiku lonse?" ndinamufunsa.

"Timayesetsa," anatero osandiyang'ana. "Koma lero tonse tili ndi makolo. Bwenzi akukhitchini akuwaitana, koma nawonso ndi operewera. Otsuka mbale anathawa sabata yatha, akuti ntchito yachuluka, malipiro ndi ochepa."

"Wotsuka mbale amalowa pachipata pano?"

Anaseka pang'ono. "Amagona konkuno, mlongo. Ndipo mu Ogasiti kukubwera gulu lina la ana, lidzakhalanso ndi tsiku lake la alendo."

Pobwerera Mayi Lorraine sanadandaule za liwiro. Tili pafupi kulowa mu tauni anati, "Mnyamata uja sanalakwe. Mwana wanga atakhala m'menemo, sindingafune kuti nkhalamba iliyonse ya chipewa izingolowa." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Koma ndikanangomuona kutalika kwake. Masokosi aja ndinangoganizira saizi."

Titafika ndinafuna kuwanyamulira dengu, koma anakana. Anakwera masitepe okha, dzanja lina pakhoma, keke yosadula ili m'dengu. Ndinaima pansipo mpaka ndinamva chitseko chatsekedwa.

Sindikudziwa ngati Keon alidi mwana amene ndalama yawo inamulipirira, ndipo iwonso sadzadziwa. Chaka chamawa adzasokanso, maso akalola. Pachipata paja sadzadutsa, chaka chino kapena china chilichonse, chifukwa si mayi wa mwana aliyense m'menemo. Ine ndili ndi miyendo, ndipo mbale ndimadziwa kutsuka.

Lolemba m'mawa ndinauza mwini malo ochapira kuti apeze wina wokolopa mpaka tchuthi chithe. Kenako ndinaimba foni ku Cedar Bend n'kupempha kuti ndilankhule ndi woyang'anira khitchini.