Ankati Mwana Wanga Ndi Waulemu

Mwana wanga woyamba anafika zaka zinayi asanalankhule. Tinkakhala ku Nkomeshya, atate ake akulima chimanga, ine kamtsikana kolekeza giredi seveni, mantha okhaokha.

Kutchalitchi ankamuyamikira. Sathamanga pakati pa mabenchi, sapempha kanthu, wamkulu akamulankhula amayang'ana pansi. Amayi a chigwirizano ankati, "Mwamulera bwino uyu, waulemu, osati athu aja otuzulira akulu maso." Ndinkasekerera, koma ndinkadziwa kuti inenso sandiyang'ana. Poyamwa ankayang'ana denga. Ndikamuitana, zii. Koma galimoto ikamabwera kutali, iye ankatseka makutu ife tisanamve kanthu.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete anamuyang'anitsitsa masiku atatu, kenako anati, "Uyu anamumanga lilime. Loweruka ndipita naye kumudzi akamuteme mphini, azikhala ndi ine."

Ndinagwada. "Amayi, ife timapemphera."

"Wapemphera zaka zinayi. Walankhula?"

Atate ake anangoyang'ana kumbali. Ine ndinapempha chimodzi chokha, kuti ndiyambe ndapita naye kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Kalata ya ku kiliniki ndinali nayo kale, miyezi iwiri ili m'Baibulo, ndikuopa. Apongozi anati pita, koma Loweruka ndi Loweruka.

Lachinayi ndinamubereka, wamkulu choncho, mapazi akundigunda kuseri kwa mawondo, m'minibasi akulira njira yonse. Kuchipatala anayamba ndi makutu, anati akumva bwino. Kenako anatilowetsa kwa adokotala, mayi wa imvi, wa magalasi, wolankhula chinyanja cha m'tauni.

"Amakuyang'anani m'maso?"

"Iyayi ba dokota, ni waulemu maningi."

"Amasewera na anzake?"

"Sayendayenda m'makomo mwa anthu."

"Akaona ndeke, amaloza kuti imwe muone?"

"Savuta, ba dokota."

Ndinkamutchinjiriza, ndinkaganiza kuti ndikanena choipa nawonso amutenga. Adokotala anaika cholembera pansi, naseka pang'ono. "Amake mwana, kuno si ku khoti. Niuzeni vija vamene simuuza anthu."

Zinangotuluka zonse, osapumira. Kuti amazungulira mtondo mpaka kugwa, kuti ndikasintha kapu amadzimenyetsa mutu pansi, kuti anapsa ndi khala osalira, kuti ndikamukumbatira amauma ngati thabwa, kuti mwina ndinachimwa ndili ndi pakati koma tchimolo sindikulipeza.

Zimene adokotala anachita kenako sindinazionepo. Anavula nsapato, munthu wophunzira chotero, nakhala pansi pa simenti pambali pa mwana wanga. Sanamuitane, sanamugwire. Anakhuthula zotsekera mabotolo m'chitini nadikira. Mwana anayamba kundandalika, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, mzere wowongoka ngati wa chingwe chobzalira. Adokotala anaika chofiira pakati pa zobiriwira. Ine ndinagwira pakamwa, ndinati lero kuyaka moto. Koma iye anangotenga dzanja lawo ngati akutenga supuni, nalikankhira kumene chofiiracho chinayenera kukhala.

Kenako adokotala anandifunsa nyimbo imene timaimba potsekera mapemphero. Ndinawaimbira motsitsa mawu. Iwo anaiyamba ndi pamphuno, nailekeza pakati. Chete. Ndipo mwana wanga, maso ali pa zotsekera zake, anaitola pomwepo, mpaka kumapeto, osaphonya, mpaka paja abambo amatsitsa mawu. Kung'ung'udza kuja ndinkakumva tsiku lililonse ndikusinja, ndinkati ndi phokoso. Kani zaka zonsezi pa benchi paja ankamva, ankasunga!

Adokotala anati, "Iyi timaitcha otizimu. Si ufiti, si chimo yanu, anabadwa so. Mankhwala yochosa kulibe. Azaphunzira pang'onopang'ono, koma afunika malo yamene aziba, na munthu wamene amuziba. Mukamupeleka kwina azavutika maningi."

Ndinalira, chifukwa cha mawu aja oti kulibe. Kenako ndinapukuta m'maso ndi chitenje. "Ba dokota, vamene mwakamba pothera, nilembeleniko. Na chidindo."

Kunyumba apongozi anandidikira pakhonde.

"Amubaya jekeseni?"

"Iyayi."

"Mapiritsi?"

"Iyayi, amayi. Anakhala naye pansi."

"Dokotala? Pansi? Ndiye wayendera chiyani?"

Ndinapereka pepala kwa atate ake. Analiwerenga kawiri, akutsatira ndi chala, Chingerezi chikuwavuta. Kenako anati, "Amama, mwana sapita."

Apongozi sanakhulupirire zonse. Anati matenda opanda mankhwala sanawamvepo, ndipo adzabweranso pokolola adzaone okha. Loweruka ananyamula chikwama chawo. Ndinawaperekeza mpaka pa mphambano, dzanja limodzi nditagwira malaya a mwana wanga, ndipo malayawo sindinawasiye mpaka basi itanyamuka.