Injiniya wonunkha matemba

Sabata ino ndatchetcha bwalo lonse la mpira ndekha. Ndi chilango, ndipo musandimvere chisoni, chifukwa nditapatsidwanso mpata ndikhoza kubwereza.

Nkhani yake ndi iyi. Aphunzitsi athu a sayansi, Bambo Matope, anatiuza kuti tipange kadoko kakang'ono ka sitima zankhondo, kokaonetsa pa chionetsero cha sayansi ku Zomba. Anatengera pa chithunzi cha m'buku. Nyanja ndi pepala labuluu, sitima ndi zamapesi, ndipo m'mbali mwake mukudutsa njanji yawaya. Mabogi oyenda pa njanjiyo anapatsidwa mnzanga Saidi, mnyamata wamanja abwino koma wosadziwa kudziyankhira.

Saidi anadula zitini, bogi iliyonse kutalika ngati chala, kuopa kuti sitima yankhondo ingaoneke ngati bwato. Mateyala anaika zitsekerero za mabotolo. Kukongola kwake! Koma ukangokankha, bogi pansi. Kukankhanso, pansi.

"Akapanda kuyenda pofika Lachisanu, ku Zomba kupita wina," anatero aphunzitsi. Saidi ku Zomba sanapondeko chibadwire.

Ine ndinanena kuti ku Kachulu kuli a Muhiwa, mdala woyanika matemba, amene anagwira ntchito padoko la ku Beira ali mnyamata. Aphunzitsi anaseka. "Munthu wosadziwa n'kulemba dzina lake lomwe?"

Basi, mutu wanga unayamba ntchito. Ndinabwereka jekete la amalume, tayi ndi magalasi opanda diso limodzi, n'kuwanyamula a Muhiwa panjinga.

"Mwanawe, andimanga ine," anadandaula tili m'njira.

"Musalankhule zambiri, agogo. Muzingogwedeza mutu."

Nditawalowetsa ndinalengeza kuti kwabwera injiniya wa za njanji. Aphunzitsi anadzuka, mpaka kuwapukutira mpando ndi mpango wawo.

A Muhiwa anatola bogi imodzi, kuitembenuza, n'kuiwala zonse ndinawauza zija.

"Aa! Wapanga ndani galimoto iyi? Sitima yapamtunda ilibe chiwongolero, ana inu. Teyala lake lili ndi mlomo, mlomowo ndiye umagwira njanji cham'kati. Tembenuzani zitsekererozi, muphwanye m'mphepetemu."

Saidi anamenya ndi kamwala. Titakankha, mabogi anayi anayenda mpaka kumapeto kwa doko. Kalasi yonse inakuwa. Mdala uja, chimwemwe chitamukwera, anavula jekete, ndipo fungo la matemba linamaliza nkhani yonse.

Tsono ndikufunseni, anzanga. Mawu anatuluka pakamwa paja anasintha jekete litavulidwa? Kwathu kuno kuli anthu amene anaona madoko, migodi ndi mafakitale ndi maso awo. Timawadutsa ku Likangala akuwinga mbalame mumpunga, ife mabuku kukhwapa, moni wake wa theka. Tikafuna nzeru timathamangira chithunzi chimene sichionetsa n'komwe kunsi kwa bogi.

Komatu Bambo Matope sindiwada. Iwonso sitima yapamtunda anangoiona patali kamodzi ali pa basi. Mphunzitsi saloledwa kunena kuti sakudziwa; ifenso ophunzira tikanawaseka mpaka kutsekera. Ndiye munthu atani?

Saidi akupita ku Zomba Loweruka. Wachapa kale yunifomu kawiri.

Dzulo ndikutchetcha, aphunzitsi anabwera n'kuima pambali panga, akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

"Tchetcha bwino apo," anatero. Kenako motsitsa mawu: "Kodi mdala uja ku Kachuluko amayanika chakuti? Makina okwezera katundu amene ndikupanga pa kadoko kathu kaja akungondigwera."