A Faines Padzuwa

Kwa Chisepo mukafunsa katswiri wa nazale ya fodya, akulozerani kwa a Alexio. Bambo amenewa anakulira mu esiteti, makolo awo ali matenanti, ndipo anaphunzira kugwira kheni yothirira asanadziwe kulemba dzina lawo. Atapeza dimba lawolawo, mbande zawo zinatchuka mpaka ku Madisi. Chinsinsi sankabisa ayi, ankachilalikira ngakhale kwa osafunsa: mbande ukailera kwambiri imakafera kumunda. Nthawi yowokera ikayandikira, chotsa udzu wophimbira pang'onopang'ono, chepetsa madzi, ilawe dzuwa, ikhwime. Vuto lawo linali limodzi, ankaganiza kuti chilichonse padziko pano ndi mbande.

Akazi awo, a Faines, anali mayi wosachulutsa mawu. Ankadzuka mwamuna wawo akunyamuka kale kupita kudimba, n'kuwaonanso dzuwa litapendeka, ali matope okhaokha. Moyo unkayenda choncho mpaka chaka chimene a Faines anayamba kutopa ndi mtolo wa nkhuni womwe kale ankausenza akuimba. Anawonda, kumanzere kwa mimba kunatupa. Chipatala cha kufupi chinawatumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko dokotala anati ndi khansa ya m'magazi. Anawapatsa mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku, osadumphitsa, ndi kumabwera kudzayezetsa magazi.

A Alexio anachita mantha kwambiri, ndipo munthu wozolowera kukonza zinthu ndi manja ake mantha amamuyabwa. Tsiku lina anaimbira foni mwana wawo Yankho, amene ankaphunzira zoyeza magazi ku koleji.

"Tandiuza, Yankho, matendawa kwenikweni n'chiyani?"

"Bambo, m'magazi muli tizidutswa tamoyo totchedwa maselo. A khansawa amakana kukhwima, amangoswana ali anthete. M'kati mwawo muli kachibadwa kena kamene kamawalamula kuti aziswanabe. Tawerenga kuti akatswiri akawaika m'mbale zagalasi n'kuthiramo vitamini D, kachibadwa kaja kamayamba kukhala chete, maselo n'kuyamba kukhwima."

"Vitamini ameneyo amapezeka kuti?"

"Thupi limamupanga lokha munthu akawothera dzuwa. Koma bambo, zimenezi ndi za m'mbale, si za m'thupi la munthu."

Mawu omalizawo anapita ndi mphepo. M'khutu mwa a Alexio munatsala atatu okha: anthete, dzuwa, kukhwima. Si nazale imeneyo nanga?

M'mawa mwake sanapite kudimba. Anayala mphasa kum'mawa kwa nyumba, nakhazika akazi awo pamenepo, iwo n'kukhala pambali kuti aone ngati dzuwa likufika bwino. Tiyi anaphika okha, wa utsi. Anayamba ndi kanthawi kochepa, n'kumawonjezera, monga amachitira pochotsa udzu pabedi la mbande. Anthu opita kumjigo ankaseka. "A Alexio, mwayanika alamu athu ngati fodya? Mudzawasanja pa giredi yanji?"

Zikanathera padzuwa pomwepo, bwenzi zili nthabwala chabe. Koma wokhwimitsa mbande amachepetsanso madzi.

"Amake Yankho," anatero a Alexio m'mawa wina, "mapiritsiwa akukulerani. Muzimwa lero, mawa ayi. Kenako tidzatalikitsa."

"Ndamva," anatero a Faines.

Safunsa anadya phula. Yankho anabwera kudzaperekeza mayi ake kokayezetsa, ndipo bambo ake, akudziguguda pachifuwa, anamufotokozera njira yawo ali kudimba. Mtsikanayo anaponya pansi kheni yomwe ananyamula.

"Mwati chiyani? Bambo, mapiritsi aja ndiwo akugwira moyo wa amayi! Akamadumphitsa, matenda amabwerera, mwinanso mankhwala osagwiranso ntchito. Ndinakuuzani kuti zija ndi za m'mbale!"

A Alexio anangokhala pansi pa mzere. Munthu amene sanaphepo bedi la mbande n'kamodzi komwe, kodi wapha mkazi wake? Anachonderera Yankho kuti asawauze kaye mayi ake kukula kwa ngoziyo, kuopa kuti angakomoke asanafike n'kuchipatala komwe. Mu minibasi ya ku Lilongwe sanamve n'komwe pamene kondakitala anawaponda phazi. Pa benchi ya chipatala ankangopotokola chipewa, akuba kuyang'ana nkhope ya akazi awo, yomwe dzuwa linali litaidetsa.

Atawaitana, dokotala anayang'ana zotsatira n'kumwetulira. "Magazi ali bwino kwambiri, mayi. Mukumwa mankhwala mokhulupirika, zikuoneka."

A Alexio anafuna kuulula, koma a Faines anawatsina pantchafu. "Sindinadumphitsepo, adokotala."

Atatuluka panja, pansi pa mtengo, a Faines anamasula mfundo ya chitenje n'kuonetsa kabotolo ka mapiritsi. Ankamwera kubafa mobisa tsiku lililonse. A Alexio analira poyera, anthu akuona, misozi ya munthu amene watula katundu wolemera. Yankho ankaseka uku akupukuta m'maso.

"Nanga bwanji simunandikanize?" anafunsa a Alexio.

"Inu munakanizidwapo liti? Ndikanatsutsa, mukanalanda botolo."

"Ndiye dzuwa lonse lija munkalipiriranji, mukudziwa kuti n'zachabe?"

A Faines anamanganso mfundo yawo mosafulumira. "Bambo a Yankho, chikwatirane, m'mawa uliwonse ndinkangoona msana wanu ukulowera kudimba. Ndadwala, mwakhala nane pamphasa. Ndikanati dzuwa silichiza, mukanapita."

Chaka chimenecho mbande za a Alexio zinachedwa, ndipo anthu a ku Madisi anakagula kwina. Mpaka lero amaphunzitsabe achinyamata kukhwimitsa fodya, koma amawonjezera kuti zimenezi zimathera kudimba. Mukadutsa pakhomo pawo m'mawa mudzawapeza awiriwo pamphasa, a Alexio atagwira kapu ya madzi, akudikira kuti piritsi litsike. Mphasayo masiku ano amaiyala pamthunzi.